Amaliza Dzina la Mwana Wanga

Chaka chino ndakwanitsa zaka 78, ndipo sindinalotepo zotere.

Mwana wanga woyamba ndi pulofesa, amalemba mabuku a za Agiriki ndi Aroma akale. Amati kuntchito kwawo munthu amakwera udindo anzake akamatchula dzina lake m'mabuku awo.

M'malotomo ndili pakhonde, ndikusoka thumba la feteleza. Pabwalo pafika azibambo amiyala, oyera ngati ufa, ofunda nsalu za pabedi, ena opanda mphuno. Mwana wanga waima pamwamba pa mtondo, wavala suti. Aliyense akutsegula buku n'kumutchula dzina lake laubwana, poyera.

"Inu! Ameneyu ali ndi ana," ndikukalipa. "Muziti aPhiri!"

"Asiyeni, bambo," akutero iye akumwetulira. "Kukwera kwake n'komweku."

Amutchulanso, mphuno yake yagwa, nkhuku n'kuthawa nayo. Amutchulanso, mkono wathothoka paphewa. Magazi palibe, fumbi lokhalokha. Omwe ali ndi manja akuwomba m'manja, kukumveka ngati akuswa miyala ya msewu. Miyendo yake yayamba kuyera.

Ndikufuna ndimuitane atsike. Ndatsegula pakamwa, koma dzina mulibe. Anthu aja alimaliza ngati sopo wobwereka.

"Mukufuna ndani, madala?" akundifunsa mwana wanga, maso ali mbee.

Ndadzuka. Ndawerenga zomwe zapita: mphuno imodzi, mkono umodzi, ndi dzina limene ndinamupatsa ndekha.