Tsiku Limene Agogo Anavula Chingwe pa Ndodo ya Bambo

Agogo anga aamuna ankamveka fungo la oyilo wa njinga, fodya wa chingambwe ndi utsi wa matemba, moti mpaka lero ndikadutsa pamene amakonzera njinga pamsika, mtima umabwerera pakhonde lathu kwa Kaduya, pomwe iwo ankakhala pachikopa cha mbuzi atatambasula miyendo, nkhuku zikulimbirana nyongolotsi zotsala kunyambo, phiri la Michesi likuoneka mbuu kuseri kwa mitengo ya mango.

Ndinakulira m'manja mwawo. Mayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo bambo, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, anandisiya nawo popita ku Joni kukasaka ntchito. Agogo aakazi anali atatsogola kale. M'nyumbamo tinalimo awiri basi, ndipo ankandiitana kuti akazi anga, monga achitira agogo ndi adzukulu awo.

Anali msodzi wa mbedza. Ankapalasa njinga kupita kunyanja ya Chilwa nsungwi zawo zowedzera atazimanga kumbali, n'kubwerako ndi milamba. Koma panali ndodo ina yosiyana ndi zonse, yakuda, yolumikiza pakati, yokhala ndi kawilo kokulungira chingwe kamene kankalira ngati chiwala ukamakazunguliza. Bambo anabwera nayo ulendo umodzi wokha umene anadzationa. Anapita nayo kunyanja awiriwiri ndi agogo, n'kubwerako ali matope okhaokha, akukangana kuti wagwira nsomba yaikulu ndani. Pobwerera bambo anaisiya, amvekere adzaipeza chaka chamawa.

Agogo sanawedzerepo okha ndodo imeneyo. Ankati ili ndi mwini wake. Inkakhala pamsomali pafupi ndi chitseko, chingwe chili pomwepo, mbedza yomangiratu, kuti mwiniwakeyo akangofika asataye nthawi. Zaka zinadutsa ili pamsomalipo.

Chaka chimene ndinkalemba mayeso a Sitandade 8 nyanja inaphwa. Mabwato anagona chammbali pamatope ong'ambika, ndipo anthu ankayenda pansi pamene kale ankapalasa. Masiku omwewo, mayeso atatsala pang'ono, azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera masana foni ili m'manja. Anakokera agogo kuseri kwa khitchini n'kuyamba kulankhula Chilomwe chakuya chimene ine sindinkachimva. Azakhali anachoka osandiyang'ana.

M'mawa mwake agogo anatulutsa zonse zowedzera. Anakoleza moto wa zitsononkho n'kumadutsitsa nsungwi pautsi imodzi imodzi kuti zisafumbwe. Mbedza anazikwecha ndi mchenga mpaka dzimbiri litachoka, n'kuziponya m'kabotolo ka oyilo. Kenako analowa m'nyumba n'kukatenga ndodo yakuda ija.

Anaigulula pakati, anaitsuka ndi madzi ofunda, anaiyanika pamthunzi. Kawiloko anakamasula ndi nsonga ya mpeni, tizitsulo take akutiika pachivundikiro cha poto, ndipo ankachotsa girizi wakale ndi nthenga ya nkhuku, pang'onopang'ono, mpweya ukumveka m'mphuno mwawo. Atamanganso, anakhwefula kanati komangira kapamwamba, n'kunena kuti chitsulo nachonso chimatopa chikakhala chomangika. Ndiye anadula mbedza. Anandipatsa chitsononkho kuti ndigwire, n'kuyamba kukulungirapo chingwe chonse cha pakawilo.

Ndinawafunsa kuti nanga bambo akabwera adzawedza ndi chiyani.

"Chingwe chikakhalitsa pawilo chimafa, akazi anga. Gwirani bwino."

Ndinafunsanso kuti chikhala pachitsononkho mpaka liti. Anati mpaka madzi abwerere. Kachitsulo kena kanawapulumuka n'kugwera m'fumbi, ndipo anagwada n'kumakafufuza nthawi yaitali, msana ali kwa ine. Mapewa awo ankagwedezeka. Ine ndinkaganiza kuti ndi chifuwa cha fodya chija, ndipo ndinathamanga kukawatungira madzi akumwa.

Ndodoyo anaikulunga m'chiguduli n'kuimanga ndi luzi, mfundo pamwamba pa mfundo. Sanaibwezere pamsomali. Anakwera pamtondo n'kuilowetsa kudenga, mkati mwenimweni mwa udzu, kumene kunali mwaye wokhawokha.

Tsiku limene ndinamaliza mayeso ndinabwera kunyumba ndikuimba. Ndinapeza amuna atakhala pansi pa mango, azimayi atadzaza m'nyumba. Azakhali ndi amene anandiuza. Bambo anadwalira m'kachipinda kawo ku Joni, anzawo anawapeza atauma kale, ndipo Amalawi akumeneko anawaika komweko chifukwa panalibe njira yobweretsera thupi. Agogo analetsa mudzi wonse kuti pasapezeke wondiuza ndisanalembe pepala lomaliza.

Maliro ake anali opanda bokosi. Amayi a mvano anaimba atazungulira mphasa yopanda kanthu, abusa analalikira, anthu anadya n'kubalalika osapita kumanda. Ine ndinakwiyira agogo. Ndinkawaphikira, kuwaikira chakudya pakhonde, n'kuchokapo osayankhula. Iwo sanadzikanire. Tsiku lina ndikuchotsa mbale anangoti, "Ndinkafuna kuti mmodzi mwa ife azigonabe tulo masiku aja."

Ndinali mwana, ndipo ndinkaona ngati andibera bambo kachiwiri.

Madzi anabwerera ndithu. Asodzi anzawo ankaima panjira ndi njinga zawo n'kumawakuwira kuti nsomba zayambanso, iwo n'kumayankha kuti mawondo. Njinga yawo inaphwa matayala itatsamira khoma. Anasiya kumeta ndevu, anasiya kupita kutchalitchi, ankangokhala pachikopa chija kuyang'ana msewu wa fumbi wochokera ku Migowi, ngakhale ankadziwa bwino kuti sikuchokera munthu. Anamwalira ine ndili kusekondale yogonera komweko, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale, chifukwa nayonso inali nyengo ya mayeso ndipo azakhali anati atsate zimene eni ake akanafuna.

Nyumbayo inagwa ndi mvula dzinja lotsatira. Nditapita patchuthi ndinafunsa za mtolo wa kudenga uja. Palibe ankadziwa. Wina anati anaona ana akukunkhuniza kawilo kakuda kuchigayo.

Lero ndili ndi banja langa ku Limbe. Manda a bambo sindinawaone, ndipo sindidziwa ngakhale dzina la dera limene agonako. Chimene ndinatenga kwa agogo ndi manja awo. Ndikalandira uthenga woipa sindilira, ndimatulutsa mapoto oyera kale n'kuyamba kuwakwecha, ndimapukuta mashini osokera, ndimapinda zovala zopindapinda kale. Mwana wanga wamkazi anazindikira zimenezi akadali wamng'ono. Akandipeza ndili choncho amaima pakhomo chikwama chili kumsana, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, wamwalira ndani?"

Ndipo nthawi zina ndimamuyankha kuti palibe.