Msika wa NyaZimba

A Ezron Mtonga akhala akukonza njinga pa boma la Lundazi kwa zaka zoposa makumi anayi. Ana asukulu amawakonda chifukwa ukawafunsa njira amakupatsa ndi mbiri yomwe. Amakuuza kuti nyumba yansanja ya njerwa zofiira ija, imene anthu amati Kaselo, anaipeza ilipo kale pamene ankafika kuchokera ku Mwase ali mnyamata, ndiponso kuti pamene pali timashopu ta mafoni lero pankaima ngolo za ng'ombe. Tauni yonse ili m'mutu mwawo, yatsopano pamwamba, yakale pansi.

Koma Lachisanu lina la mu Okutobala nzeru zonsezo zinawathawa. Akazi awo, NyaZimba, anasowa.

NyaZimba anayamba kuiwala zaka zitatu zapitazo. Zinayamba ndi mchere wa m'ndiwo, kenako mayina a adzukulu, kenako nkhope ya amuna awo omwe. M'mawa umenewo mwana wawo Olipa anapita kukatunga madzi, pobwerera n'kupeza mkeka wokha. Mayi woyandikana nawo nyumba anati anawaona atasenza lichero, ndipo atawafunsa anayankha m'Chitumbuka kuti, "Nkhuluta ku msika."

Bambo ndi mwana wake anauzungulira msikawo katatu. Anafunsa kwa a tomato, kwa a salaula ogulitsa zovala zakale, kwa amalonda a ku Kasungu, mpaka pa siteshoni ya basi.

"Adada, mwataya mkazi?" anafuula kondakitala wina. "Tengani wina, pano ali mbwee!" Atawayang'ana bwino kumaso anatsitsa mawu. "Pepani. Sitinawaone."

Dzuwa linafika paliwombo. Munthu wazaka makumi asanu ndi awiri, wosamwa madzi chidzukire, angapirire kutentha kotere mpaka liti? A Ezron anaitananso dzina la akazi awo.

"Adada," anatero Olipa mosawayang'ana, "tiyeni kudamu."

Anatsetsereka kudutsa pa Kaselo. A Ezron anayenda m'mphepete mwa madzi akupatula bango ndi manja. Anaona silipasi imodzi m'matope, naitola. Sinali ya NyaZimba. Komabe anangokhala pansi pomwepo.

"Anati kumsika," Olipa anali kulira tsopano. "Nanga kumsika kulibe, tiyende kuti?"

A Ezron anadzutsa mutu. "Msika uti?"

"Msika ni umodzi, Adada."

"Kwa iwe."

Iwo amene amaphunzitsa ana a anzawo za tauni yakale anali atataya theka la tsiku akufunafuna m'tauni yatsopano. Pamene NyaZimba anali mtsikana wogulitsa nshawa, ndiye kuti mtedza, akazi ankayala malonda patsinde pa mkuyu waukulu, kuseri kwa masitolo akale. Mkuyuwo unadulidwa Olipa asanabadwe. Pamalopo pano pali shopu ya feteleza.

Anathamanga mmene nkhalamba ingathamangire. NyaZimba anali pomwepo, padzuwa, atakhala pafumbi, lichero lopanda kanthu lili patsogolo pawo. Milomo inali itang'ambika.

"Ni anu aba?" anafunsa mwini shopu. "Nawapatsa madzi, akana. Nawauza akhale pamthunzi, akuti nifuna kuwalanda malo."

Olipa anawagwira mkono. "Amama, tiyeni kunyumba."

"Wakuba!" anakuwa NyaZimba, akukumbatira lichero. "Katundu sanathe! Sinichoka!"

Anthu anayamba kusonkhana. Mpweya wa mayiyo unkatuluka modukaduka, ndipo a Ezron anaona kuti akawakoka mokakamiza agwa pomwepo. Anamuuza Olipa kuti abwerere m'mbuyo. Kenako ananjuta patsogolo pa lichero, monga ankachitira ali mnyamata wonunkha girizi, navula chipewa n'kuchitambasula.

"Monile, NyaZimba. Nshawa zonse izi natenga ine."

Mayiyo anawayang'ana mokayika. Kenako anapendeketsa lichero, nakhuthulira mphepo m'chipewamo, n'kuligogoda kuti pasatsale ngakhale imodzi.

"Nanga mbasela?" anafunsa a Ezron. Mbasela ndi kaja wogulitsa amakuwonjezera ukagula bwino. Kale ankaipempha tsiku lililonse, mpaka mtsikanayo anatopa nawo n'kuwalola kuti amukwatire.

NyaZimba anaseka. "Imwe a njinga, simukhuta! Zatha. Mukabwele mailo." Mailo kuno ndiye mawa.

"Ngati zatha, imwani madzi nikupelekezeni."

NyaZimba anamwa botolo lonse la madzi a mwini shopu, nadzuka atatsamira phewa la a Ezron. Anayenda pang'onopang'ono, a Ezron atanyamula chipewa ndi manja awiri ngati chodzaza, Olipa akutsatira ndi lichero.

Atafika pa mphambano, NyaZimba anaima n'kuwayang'anitsitsa.

"Kodi imwe ndimwe ndani?"

"Wogula nshawa," anatero a Ezron.

"Mailo mubwele m'mawa. Nikhala pamkuyu."

Kuyambira sabata imeneyo a Ezron anasamutsa mapampu ndi zipangizo zawo zonse. Tsopano amakonzera njinga pambali pa shopu ya feteleza, maso ali kunjira yochokera kwawo.