Firiji ya mkamwini, mankhwala a atate

Firiji ija inafika ku Chawama, mu Lusaka, itaima chilili pa galimoto yapamtunda, anthu a pa layini yathu akuiperekeza ndi maso kuchokera ku msewu wa Kafue. Amuna anga anapatsidwa ndi bwana amene ankamuyendetsa, pamene bwanayo ankasamuka kubwerera kwawo. Inali ya zitseko ziwiri zotsegukira uku ndi uku ngati wadiropu, kumanzere koumitsa, kumanja kongoziziritsa. Pakhomo pathu sinalowe. Munthu wina akanaganiza kawiri, koma amuna anga anagumula felemu ya chitseko, firiji n'kulowa mwaulemu wake, ife n'kukhala kanthawi tikutseka pakhomo ndi chitenje. Kukhitchini sinakwane, choncho inakhala pabalaza, itatsamira khoma, kuti aliyense wodutsa aone kuti tinafikapo.

Ine ndinaikondwerera pa chifukwa chimodzi. Atate anga anali atabwera kuchokera ku Katete kudzakhala nafe chifukwa cha matenda a shuga, ndipo ankadzibaya okha mankhwala a insulini tsiku ndi tsiku. Mankhwala amenewa amafuna pozizira, koma akangouma ndiye kuti aonongeka. Anesi anatiuza zimenezi ine ndi atate mobwerezabwereza mpaka tinatopa nazo. Timabotolo tawo ndinatipezera malo pa shelefu ya kumanja, mtima wanga n'kukhala pansi.

Sindinkadziwa kuti tili ndi abale ambiri chonchi m'komboni. Woyamba anali mayi wa mapasa wa nyumba yoyandikana nafe, amene kale ankandipatsa moni wa pamphuno.

"Ba neba, niikeko chabe tunsomba utu, nizatenga mailo," anatero.

Mawa lakelo silinafike. M'malo mwake kunafika bambo wogulitsa soseji, mayi wa chakumwa cha munkoyo ndi zigubu zake, ndi wina amene mpaka lero sindidziwa kuti ankakhala nyumba iti. Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo mawu akuti iyayi sanawaphunzire. Yankho lawo linali limodzi: "Ikani chabe, ni ikulu." Ine ndinkalawirira kumsika kokagulitsa zovala zakale za salaula, pobwera n'kupeza mbali youmitsa yadzaza moti potseka unkachita kukankha ndi bondo. Magetsi akathima, aliyense ankabwera kudzatsegula kuti aone ngati zake zikadali zozizira, ndipo ankachoka akudabwa kuti zayamba kusungunuka.

Kenaka mbali ya kumanja inayamba kufunda. Mkaka unkasasa, madzi akumwa ankakhala ngati angotungidwa kumene pa mpope. Akatswiri anasonkhana pabalaza panga, ena atanyamula ndi makapu omwe. Kwathu firiji imadwala matenda amodzi okha.

"Gasi yasila," anagamula bambo wa soseji.

Onse anavomera ndi mitu. Ine ndinafunsa kuti gasi wake ndi wotani wotha mbali imodzi, pamene kumanzere nkhuku ikuuma moti ungakhomere nayo msomali. Anandiyang'ana mwachisoni, monga amayang'anira mkazi amene walowerera nkhani za mainjini. Anagwirizana zodikira munthu wa gasi, amene aliyense ankamudziwa koma palibe amene ankamupeza.

Ndinafunsa amuna anga za mankhwala a atate.

"Osavutika, nasamala kudala vonse," anandiyankha.

Poti anati asamala kale zonse, ndinaganiza kuti mankhwalawo awapititsa kwa mlongo wawo ku Kanyama kapena kwa munthu wina wa firiji yamoyo. Atate nawo sananene kanthu. Iwo ndi amuna anga ankalemekezana mwa chikale: moni wa chapatali, kuwomba m'manja, nkhani iliyonse yolemera kudzera mwa ine.

Patapita masiku, atate anayamba kumwa madzi osakhuta, kupita kuchimbudzi kawirikawiri, kuwodzera dzuwa lili pamutu. Ndikawafunsa ankati ndi kutentha kwa mu Lusaka. Loweruka lina sindinapite kumsika, ndipo ndinawapeza pampando akulephera kudzuka, milomo itauma, mawu akutuluka mokoka. Ndinafunsa kumene kuli mankhwala. Amuna anga anatsegula chitseko cha kumanzere monyadira, n'kutulutsa kamtolo kokulungidwa bwinobwino m'kampango koyera, kamene kanali pakati pa nsomba ndi soseji. Timabotolo tinali gwa.

"Uku ndiye kuzizila maningi," anatero. "Nenze nifuna kubathandiza."

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuwagenda ndi nsomba ya mayi wa mapasa. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi chifukwa panalibe nthawi. Tinawanyamula atate kupita nawo kuchipatala, kumene anawagoneka n'kuwaika diripi. Nesi anakweza kabotolo kamodzi chapawindo, kali kosungunuka tsopano, n'kundionetsa timibulu toyandama m'katimo. Anati munthu wobaya zimenezo akungodziboola khungu pachabe. Mantha amene ndinali nawo tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

M'mawa mwake ndinabwerera kunyumba ndi ukali wofuna pogwera. Ndinazula pulagi, n'kutulutsa katundu yense kumuyala pakhonde, ndi kuuza eni ake kuti aliyense azindikire mtembo wake. Nditachotsa zonse ndinaona chimene akatswiri sanafune kuwerama kuti aone. Khoma la m'kati mwa mbali youmitsa linali litachita chipale cha ayisi. Chapamwamba pali kabowo kamene fani imapemererapo mphepo yozizira kupita kumanja, ndipo kabowoko kanali katatsekeka ndi ayisi pamodzi ndi pulasitiki ya munthu wina. Labala wa chitseko anali wakuda bii ndi wonyutuka, osagwiranso bwino, moti mpweya wofunda unkalowa mmene ukufunira.

Amuna anga, pofuna kukonza mbiri yawo, anabwera ndi mpeni kuti aswe ayisi. Ndinawalanda ndisanalankhule, chifukwa akanaboola paipi, ulosi wa bambo wa soseji ukanakwaniritsidwa pompo. Ndinasiya zitseko zonse ziwiri zili yasa, beseni pansi, zitenje zakale zikumwa madzi. Tinaikoka kuichotsa kukhoma kuti izipuma, ndipo kumbuyo kwake ndinasesako fumbi, mphemvu ndi sipuni imene ndinakanganirapo ndi mwana wanga. Labala ndinamutsuka ndi madzi ofunda a sopo mpaka anayambanso kumata. Inakhala choncho tsiku lonse ikudontha, aneba akudutsa ndi mapulasitiki awo, nkhope zili ndwii.

"Ba madamu bayamba kuzimvela," anatero mayi wa mapasa, mokweza bwino kuti ndisavutike kutchera khutu. Za atate sanafunse.

Titailumikizanso, ndinaika dzanja pa kabowo kaja mbali ya kumanja, ndipo kamphepo kozizira kanandiomba m'zala. Gasi amene anatha uja anali atabwerera yekha, osalipiritsa ndi thiransipoti yomwe. Ndinaika timabotolo tatsopano pa shelefu yapakati, kutali ndi kabowoko, ndipo ndinalengeza kuti m'firiji muno simulowanso kanthu kopanda chibale ndi ine.

Atate atayamba kupeza bwino ndinakawaona masana. Anali atakhala tsonga pabedi, atachepa ngati mwana. Amuna anga anaima pakhonde la wodi ndi jumbo ya malalanje, akuti sangalowe pamene apongozi agona osavala malaya. Funso linali likundidya, ndiye ndinangolitulutsa.

"Atate, simunkaona kuti mankhwala aja auma?"

"Ndinkaona, mama. Ndinkawafumbata m'manja mpaka asungunuke."

"Kodi anesi sanatiuze tonse awiri?"

"Anatiuza."

"Nanga bwanji simunanene?"

Anayang'ana chakukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Anaika ndi apongozi, ndi manja awo, m'firiji mwawo. Anachita kunjuta pansi mwaulemu pondionetsa pamene aika. Ine ndikudya zawo, ndikugona m'nyumba mwawo. Ndikanayambira pati kuwauza kuti alakwa?"

"Mukanauza ine."

"Iwe ndimakudziwa pakamwa pako. Ukanawachititsa manyazi pamaso pa anthu." Anandigwira dzanja, zala zawo zili zopepuka. "Ukatuluka ukawathokoze. Amandisunga bwino."

Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana munthu amene anali wokonzeka kufa mwaulemu kusiyana ndi kukhala moyo atadzudzula mkamwini. Ndinawakwiyira kwambiri, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa pamenepo. Nditatuluka, amuna anga anandithamangira, maso ali ofiira.

"Bakamba chani?"

Ndinawauza kuti atate akuthokoza powasunga bwino. Anandiyang'anitsitsa kufuna kuona ngati ndikuwanyoza, koma ulendo uno ndinali ndikungopereka uthenga.