Mayina a M'dikoda

Zaka zimene magetsi ankangobwera ngati mlendo, ndinali ndi kashopu kokonza mawailesi ku Mbayani. Msana unali utayamba kale kundivuta, maso nawonso osaona bwino timiyendo ta tchipi, kachipangizo kakang'ono ka m'kati mwa wailesi. Ntchitoyo ndinali nditatopa nayo, ndinkangoigwira kuti pakhomo pasasowe ndiwo.

Tsiku lina kunabwera amayi achikulire ochokera ku Manja, atakulunga dikoda m'chitenje ngati khanda. Ukaiyatsa inkangophethira kagetsi kofiira basi. Anandiuza kuti inali ya amuna awo, omwe anamwalira chaka chapitacho. Makolo a bambowo anachokera ku Mozambiki, ndiye malemuwo anatha masabata akupotoza dishi kusaka matchanelo a kumeneko, ndipo iliyonse akaipeza ankailemba dzina lawolawo ndi rimoti.

"Chonde bambo, zam'katimo musazisokoneze," anatero amayiwo.

Ndinangoti eya, mmene ndinkayankhira aliyense.

Matenda ake ndinkawadziwa. Pulogalamu ya mu tchipi inali itasokonekera. Zikatero umachotsa tchipiyo, kuilumikiza ku kompyuta, kufufuta zonse n'kulowetsamo pulogalamu ina. Amisiri timati kufulasha. Lamulo lake ndi lakuti uyambe wakopera zakalezo n'kuzisunga pambali. Koma tsikulo magetsi anabwera mochedwa, ndipo ndinkadziwa kuti sakhalitsa. Pabenchi panali madikoda ena anayi akundiyang'ana. Ndinati zokoperazi n'zotayitsa nthawi. Kuthamanga sikufika, ndimadziwa, koma ndinathamangabe.

Dikoda inadzuka bwinobwino. Mawa lake amayi aja atabwera ndinailumikiza ku TV ya m'shopu, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Anatenga rimoti n'kutsegula mndandanda wa matchanelo. Munali mayina achizungu okhaokha. Anatsika nawo mpaka pansi, kenako anakweranso pang'onopang'ono.

"Nanga Kwathu ili kuti?" anafunsa. "Pamwamba penipeni analembapo Kwathu. Yachiwiri analemba kuti Misa ya Amayi, chifukwa ndine ndinkaonera Lamulungu."

Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima, ngakhale wondilakwira panalibe. Ndinayamba kulongolola ngati kondakitala, kuti matchanelowo sanapite kulikonse, akadali m'mwambamo, ndiwasaka ndipo ndiwapeza onse. Zimenezo zinali zoona. Ndinakoka mpando, ndinatambasula dzanja kuti andipatse rimoti.

"Inu muzingonditchulira mayinawo, amayi, ine ndiwalemba mmene analili."

Rimoti sanandipatse. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako anazula okha mawaya kumbuyo kwa dikoda. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Zisiyeni, bambo," anatero akukulunga dikoda ija. "Mukalemba inu ndiye kuti mwalemba inu."