Mng'alu wa hedi ya chigayo

Ndinali ndisanathe chaka pa chitengwa, kumtunda kwa Linthipe, pamene chigayo cha apongozi anga aamuna chinayamba kulavula utsi woyera ndi kumwa madzi osakhuta. Anali masiku aja oti sungalowe mumsika popanda khadi la chipani. Amuna anga anamasula hedi, chitsulo cholemera chovundikira injini pamwamba, n'kuikamo gasiketi yatsopano yotseka mpata pakati pa hedi ndi injini.

Apongozi aakazi anali oumba mbiya, ndipo kwa iwo chilichonse chokhudza moto chinali ndi mwambo wake. Anatilamula kugona mphasa zosiyana mpaka chigayo chitalira, ngati mmene amachitira powotcha mbiya kuti zisang'ambike. Ine wokulira pa mishoni ku Kasina ndinaseka chamumtima, koma ndinamvera. Kuzizira kwa Juni kwathu kuno, wekha pamphasa, si masewera.

Chigayo chinalira, koma madzi anabwatabe.

"Mwana wanga wadzisunga," anatero apongozi aakazi, maso ali kumbali. "Nanga wotentha pakhomo pano ndani?"

Ndinachedwa kumva kuti akunena ine, ndiponso kuti akunena za mwamuna wina. Mutu unaima. Chitsulo chingadziwe bwanji kumene munthu wagona? Komabe mbiya zawo sizinkang'ambika, ndiye ndinayamba kudzifunsa ngati kulota nakonso kumawerengedwa.

Kunabwera makaniko wa ku Chimbiya. Anatsuka hedi ija ndi palafini, naikhutiza pa sandipepala woyala pagalasi mpaka inawala. Kenaka anaipukuta, naipaka choko, n'kukhala pansi kusuta fodya. Ine ndinkangoona ngati maula. Posakhalitsa pachoko panatuluka kamzere konyowa, kopyapyala ngati tsitsi, pakati pa mavavu, tizitseko ta mpweya.

"Mng'alu uwu ndi wakale, bambo. Onani dzimbiri mkatimu," anauza apongozi aamuna. "Winawake ankathira madzi ozizira injini ili moto."

Mtima unakhala pansi. Ndinayang'ana apongozi aakazi kudikira mawu.

"Wakale kumene," anayankha iwo. "Paja iyeyu ndi mwana wangayu anayamba kutomerana kale."

Makaniko anaseka, apongozi aamuna anaseka. Ine sindinadziwe ngati ndamasulidwa kapena mlandu wangosunthira kumbuyo. Ndinatembenukira kwa amuna anga, amene ankadziwa bwino kumene ndinkagona, komanso ndiwo ankathira madzi m'chigayomo tsiku lililonse. Anawerama, natola sipanala, n'kufunsa makaniko ngati mng'aluwo ungawotcheredwe.