Chitseko Chotsamira pa Mpeyala

Chitseko chathu chinali cha matabwa a bulugamu, chomangirira pa felemu ndi mphira za tayala. Dzinja lija mvula inakana kukata, amayi anatenga mpeni n'kudula mphirazo, chitseko n'kukachitsamiritsa pa mtengo wa mapeyala. Nyumba inangoti yasaa, ngati m'kamwa mopanda mano.

Ndinali mu Sitandade 2. Sukulu anatseka poti mtsinje unadzaza, koma tiyi satsekera mvula. Ikachuluka m'pamene amaphukira, ndiye m'mawa uliwonse amayi ankadzikulunga pulasitiki, dengu kumsana, n'kulowa m'nkhungu kukathyola. Mawu awo anali omwewo: "Ukhale pakhomo, mwendo umodzi kunja. Ukamva khoma likulira, usatole kanthu."

Ndinkatsala ndekhandekha. Anzanga onse ali m'nyumba zawo, zitseko zotseka, utsi ukutuluka m'madenga, ine ndili tong'o pakhomo, mvula ikundiwaza m'maondo, nkhuku za eni zikulowa ngati kwawo. Bulangete linkanunkha chinyontho. Manyazi ndiwo ankandiwawa kuposa kuzizira. Tsiku lina amalume podutsa anaima n'kupukusa mutu. "Mlongo wangayu zikuyenda? Iyi ndi nyumba kapena khola la mbuzi?" Ndinawachonderera kuti andibwezeretsere chitseko amayi asanaweruke. Anati mawa. Mpaka lero ndimathokoza ulesi wawo.

Anali masana. Mvula yake yaphokoso, yosaonetsa ngakhale minda ya tiyi kutsidya. Kuzizira kunandigonjetsa, ndinasiya pakhomo n'kukadzipinda pangodya m'chitenje cha amayi. Kenako ndinamva kuti tsee, tsee, dothi likuyoyokera m'tsitsi. Khoma la njerwa zosawotcha likakhuta madzi limayamba latitimira, felemu n'kupindika, chitseko n'kukanirira, munthu n'kufera m'kati akukankha. Izi ndazidziwa nditakula. Tsikulo ndinangoona powala n'kuthamangira pomwepo. Kumbuyo kwanga kunangomveka khuu!

Amayi anatulukira akuthamanga, dengu lidakali kumsana, masamba akutayika njira yonse. Sanayang'ane nyumba. Anandigwira mutu, mikono, nthiti, miyendo, n'kuyambiranso kumutu.

Pano ndili ndi wanga wakhanda. Kumwamba kukangoda cha ku Khonjeni mtima umandithawa, ndimamubereka msangamsanga, ndimayesa chitseko, kutsegula, kutseka, kutsegulanso, khutu lili kukhoma. Bambo ake amati ndikuwononga mahinjesi. Ine ndimatsegulabe.

Tsiku lija amayi anagoneka chitseko chija pamatope, tinakhalapo awiri pansi pa mpeyala, pulasitiki imodzi kumutu. Ankachisisita ndi chikhatho. Ine ndinayang'ana chitsekocho, ndinayang'ana mulu wa dothi umene unali nyumba yathu, ndipo ndinakwiya, poti ndinali nditachidikirira masiku onse aja.

"Amayi, nanga tsopano tichibwezera pati?"

Anaseka mpaka misozi, akundifinya pachifuwa. Ine ndinkangoti akulirira nyumba.