Telala wa Makatuni

Pa Nselema, pakhonde la sitolo yogulitsa mchere ndi sopo, pamakhala Che Mahmudu ndi makina awo osokera. Utelala anauyambira ku Balaka ali mnyamata, akusoka mayunifomu a ana a sukulu. Lero ndevu zayera, magalasi anamangidwa ndi ulusi mbali imodzi, koma phazi likadali lamphamvu pachopondera. Anthu amawatcha telala wa makatuni, timakanema tojambula ta ana tija, ndipo dzinali linabwera ndi foni.

Mkamwini wawo Swaibu, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza foni yaikulu kuti aziona nkhope ya mwana wake Fauziya, wa Sitandade 2. Madzulo alionse kamtsikanako kankawauza bambo ake zonse, ngakhale za nkhuku yothyoka mwendo. Akamaliza, mayi ake Asiya, mwana wa Che Mahmudu, ankamusiyira foniyo kuti aonere nyimbo zowerengera pa intaneti iwo akutsuka mbale. Tsiku lina nyimbo itatha, kanema wina anangoyamba yekha: chigulu cha anthu chikumenya munthu pamsewu wa tauni yonga imene bambo ake ankamuonetsa. Fauziya anaonera mpaka kumapeto, osalira. Kuyambira pamenepo foni ikalira ankathawira kuseri kwa nyumba. Swaibu akaimba ankangoona mkazi wake ndi denga.

Asiya anati foniyo aitsekera m'sutikesi, koma Che Mahmudu anaipempha. Anati nsalu yatsopano saidula asanaitambasule n'kuona ngati ilibe chilema, choncho makanemawo aziyamba aona iwo.

Mphunzitsi wina amene ankasoketsa kwa iwo anawaonetsa mosungira kanema m'foni ndi mozimitsira intaneti. Foni ankaitsamiritsa pachitini cha mabatani, n'kumaonera kanema aliyense mpaka pothera, osadumpha, phazi likuponda. Wokhala ndi kukuwa kapena kumenyana, ngakhale kwa amphaka ojambula, ankamufufuta. Chingerezi samva, ndiye ankaweruza ndi maso. Akakayika ankadikira mphunzitsi uja.

Yotamu wa kabaza, amene amapumira pakhondepo, sankawasiya.

"Madala, mayeso a Sitandade 1 mulemba liti?"

"Ndikakhoza ndidzakuphunzitsa nawenso, usadandaule."

Ulendo wina anasoka thumba la thalauza chozondoka chifukwa cha abakha oimba a m'kanema, ndipo anaphwasula mwakachetechete mwiniwake asanabwere. Lachisanu lina anangozindikira akung'ung'udza nyimbo ya abakhawo panjira ya kumzikiti.

Koma Fauziya sankayandikira. Akaweruka kusukulu ankakhala kumapeto kwa khonde atafulatira. Agogo ake sanamukakamize. Anapeza kanema wa mayi wina akupanga chidole cha zigamba, anaunjika zigamba pabenchi, n'kuyamba kutsatira molakwitsa dala. Mutu anausokerera pamimba. Ankadandaula mokweza kuti maso atha, manja a mayiyo akufulumira, komanso mdzukulu uja, amene moseka ankamutcha mkazi wawo wamng'ono, wawataya.

Mwana anacheuka kamodzi. Mawa lake anacheukanso, ndipo sanapirire.

"Anganga, si choncho iyayi. Bwezani m'mbuyo."

"Ndibweze pati? Bwera undigwirire."

Anabwera cham'mbali ngati nkhanu, n'kuigwira foni ndi zala ziwiri. Kanemayo atatha anaivindikira msanga pabenchi, maso ali tsinzinu. Palibe chinayamba. Che Mahmudu anamuuza kuti zonse zili m'menemo anaziona kale okha, ndipo palibe china chingalowe iwo asanatsegule.

Chidolecho chinatha patapita masiku, maso ake ali mabatani osiyana. Madzulo ake, agogo akupinda nsalu kuti aweruke, Fauziya anafunsa ngati anthu aja ku Joni amamenya aliyense. Anamuyankha kuti iyayi, bambo ake ali bwino, kungoti akufuna kudziwa ngati mano akutsogolo aja amera. Mwana anapotokola mwendo wa chidole.

"Ndiye muwaimbire. Koma muyambe mwaona inu."

Che Mahmudu anayatsa intaneti n'kuimba. Nkhope ya Swaibu itatuluka anaiyang'anitsitsa, anakonza magalasi, kenaka anamupatsira mwana.